Mwana wavulala ubongo ndipo mwatuluka naye m'chipatala: zoyenera kuchita pakhomo

Tsiku limene achemwali anga anatuluka m'chipatala ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 7, tonse tinkati mavuto atha. Anali atakomoka masiku anayi ndi malungo a muubongo, kenako anatsitsimuka n'kuyamba kumwa phala. Titafika naye kunyumba ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, anthu anadzaza pakhonde kudzathokoza Mulungu. Sabata ziwiri zisanathe tinaona kuti mwana amene tabwera naye si uja tinkamudziwa. Dzanja lamanja linkangokhala lofumbata. Ukamutuma mchere, ankafika kukhitchini n'kuima chilili, ataiwala chimene wadzera. Mng'ono wake akamukhudza pang'ono, ankamuluma. Zimene ndalemba apa ndi zomwe banja lathu laphunzira m'zaka zitatu, zina kwa madokotala ndi a mafizo (ophunzitsa kulimbitsa ziwalo zofooka), zina titayamba talakwitsa.

Ndikunena za mwana amene anabadwa bwinobwino, ankayenda, ankalankhula, mwina anali kale pasukulu, kenako ubongo wake unavulala. Kwathu kuno zovulaza ubongo wa mwana ndi malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, kugundidwa ndi galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza, kugwa mumtengo, kumira m'madzi ndiponso kumenyedwa m'mutu. Madokotala a Blantyre Malaria Project pachipatala cha Queen Elizabeth anatsatira ana omwe anapulumuka malungo a muubongo, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2010 zinaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu anatsala ndi vuto: khunyu, kulumala kwa chiwalo kapena kusintha kwa khalidwe. Choncho ngati mwana wanu wasintha, dziwani kuti simuli nokha, ndipo vutolo lili ndi dzina kuchipatala.

Choyamba: musanapakire katundu m'wodi, funsani

Tsiku lotuluka gadiyani amakhala wotopa, maganizo onse ali pa thiransipoti. Komabe musachoke musanakhale pansi ndi dokotala kapena namwino. Apempheni alembe m'buku la kuchipatala la mwanayo chimene chinavulaza ubongo, masiku omwe anakomoka, ngati anagwidwa linjirinjiri, mankhwala amene akutuluka nawo, kamwedwe kake ndi tsiku lobwereranso. Mufunse mwachindunji kuti, "Adokotala, kodi mwanayu aonedwe ndi a mafizo?" Ku Mzuzu Central Hospital kuli gawo la mafizo, ndipo kulembetsa mukadali m'wodi n'kosavuta poyerekeza ndi kudzayambiranso pamzere wa kuchipatala chaching'ono cha Mapale kuti mupeze kalata yokutumizani kumeneko.

Pemphaninso kuti amuyeze makutu ndi maso. Matenda oumitsa khosi amakonda kugonthetsa makutu, ndipo malungo a muubongo nthawi zina amasiya mwana asakuona bwino kwa kanthawi. Mwana wosamva amaoneka ngati wamwano, n'kumakalipiridwa popanda chifukwa.

Bukulo lijambuleni pa foni tsamba lililonse, ndipo lizikhala m'jumbo. Lathu linanyowa ndi mvula ya mu Epulo pa kabaza, inki ya tsamba lofunika kwambiri n'kufufutika. Gulaninso kope wamba lapasukulu loti muzilembamo tsiku ndi tsiku: wadya bwanji, wagona bwanji, wagwa khunyu nthawi yanji komanso kwa mphindi zingati, wachita chiyani chatsopano. Mukabwerera kuchipatala dokotala amakhala ndi mphindi zochepa, ndipo kope limayankha mafunso ake bwino kuposa mutu wa mayi wosagona tulo.

Chachiwiri: aliyense pakhomo adziwe zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala

Izi muwauze onse, ngakhale mwana wamkulu wotsala naye masana. Mwana akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamapitirira kuwawa, akamangogona osadzutsika, akayamba kufooka mbali imodzi, mukaona madzi kapena magazi akutuluka m'khutu kapena m'mphuno, kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, khosi likauma, thupi likatentha kapena akamapuma mobanika, musadikire kuche. Sungani nambala za anthu awiri okhala ndi galimoto kapena takisi m'dera lanu, ndipo ndalama ya ulendo umodzi wausiku ikhale yobisa payokha, yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa. Ngati mukukayika, imbani 929, nambala yaulere ya Chipatala cha pa Foni.

Chachitatu: konzekerani khunyu lisanabwere

Si mwana aliyense wovulala ubongo amene amadwala khunyu, koma mwa omwe amadwala, ambiri limawayamba patapita miyezi, pamene banja laiwala kale. Kwa ife linabwera patatha miyezi isanu, m'mawa wina wa mu Juni kukuzizira, mwana ali pambali pa mbaula akuwotha. Anangoti gwa chammbali, thupi lonse likugwedezeka, phazi litatsala pang'ono kukhudza makala. Agogo ake anathamangira supuni kuti amuike m'kamwa. Mwamwayi panali mayi woyandikana nafe yemwe mwana wake amadwala khunyu, ndipo anati, "Agogo, pepani, supuniyo isiyeni, tingomugoneka chammbali."

Zoyenera kuchita n'zimenezo. Chotsani moto, mipando ndi zonse zomwe zingamupweteke. Ikani chitenje chopinda pansi pa mutu. Mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke m'malo molowa m'mapapo. Musamupanikize, musamuike chala, supuni kapena kamtengo m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala mpaka atatsitsimukiratu. Munthu sameza lilime lake, koma supuni imathyola mano. Yang'anani nthawi pa foni. Zikapitirira mphindi 5, kapena zikamabwerera asanatsitsimuke, nyamukani kupita kuchipatala. Ngati pali wina woimirira chabe, ajambule kanema wamfupi woti adokotala akaone, osati wotumiza m'magulu a WhatsApp.

Khunyu silipatsirana. Malovu, thovu kapena mpweya umene mwana watulutsa pamene wagwa sizingakudwalitseni, choncho musaope kumugwira. Dziwaninso kuti khunyu lina silioneka ngati kugwa: mwana amangoti maso tong'o kwa kamphindi, kapena dzanja limodzi limanjenjemera, kapena amatafuna m'kamwa mulibe kanthu. Zoterezi zilembeni m'kope.

Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu ndi phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate. Amagwira ntchito akamamwedwa tsiku lililonse nthawi yomweyomweyo. Cholakwa chachikulu chimene mabanja amachita ndi kusiya mankhwala chifukwa mwana watha miyezi iwiri osagwa. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweretsa khunyu lalitali loika moyo pachiswe. Wosiyitsa ndi dokotala yekha, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono. Kukatenga ena muzipita kukadali mapiritsi a sabata imodzi, chifukwa nthawi zina mumakapeza atha ndipo mumafunika masiku ofunafuna kwina. Mwana akamakula sikelo imakwera, choncho aziyezedwa kuti mlingo usinthidwe. Mukaona zidzolo pakhungu kapena zilonda m'kamwa atangoyamba mankhwala, makamaka carbamazepine kapena phenobarbitone, pitani naye tsiku lomwelo. Phenobarbitone amachititsa ana ena kuodzera, ena kusakhazikika, ndipo mukawauza adokotala amatha kusintha. Mtsikana akatha msinkhu ali pa sodium valproate, kambiranani ndi adokotala msanga, chifukwa mankhwalawa amavulaza mwana wosabadwa.

Za moto ndibwerezenso, poti kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julayi mbaula imalowa m'nyumba iliyonse. Mwana wa khunyu awothe ali patali, munthu wamkulu atakhala pakati pa iye ndi moto. Mumuveke juzi ziwiri m'malo momusendeza pafupi ndi makala. Asasambe yekha m'beseni lodzaza, asapite yekha kuchitsime kapena kumtsinje wa Lunyangwa, ndipo mukapita naye kunyanja ku Nkhata Bay, wamkulu akhale pafupi moti n'kumugwira.

Chachinayi: kudyetsa

Ubongo ukavulala, minofu yomezera imatha kufooka, ndipo chakudya chimalowera njira ya mpweya. Mapeto ake ndi chibayo chobwerezabwereza. Zizindikiro zake ndi kukhosomola pakudya, mawu omveka ngati muli madzi pakhosi, maso kutuluka misozi pomeza ndi chakudya kukhalitsa m'kamwa.

Musamudyetse atagona chagada pamiyendo panu, ngakhale kuti ndi mmene tinazolowerera kudyetsa makanda. Akhale tsonga, msana wowongoka, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Inu mukhale kutsogolo kwake, maso anu ndi ake pamzere umodzi, kuti asamadzutse mutu pokuyang'anani. Gwiritsani kasupuni kakang'ono, dikirani ameze, muone kholingo likukwera, kenako mupatseni china. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa kwambiri chifukwa zimathamanga. Phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa lamadzimadzi. Akamaliza, akhalebe tsonga kwa mphindi 30, ndipo mumutsuke m'kamwa kuti musatsale chakudya m'masaya.

Popeza amadya pang'ono, supuni iliyonse ikhale ya phindu. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira kapena kasupuni ka mafuta ophikira, Likuni Phala, mapeyala, nthochi yakupsa yofinya, mbatata kapena maungu opota, usipa wosinja n'kusefa. Kudyetsa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pang'onopang'ono kumaposa mbale zitatu zazikulu zothera m'kulimbana. Thupi likamatsika, pitani kusikelo akamuyeze ngati akufunika chiponde. Mwana wosayendayenda amadzimbidwa msanga, choncho papaya, masamba ndi zakumwa zokwanira zisasowe.

Chachisanu: thupi lisaume

A mafizo mumawaona mwina kamodzi pa sabata ziwiri kapena pamwezi, kwa theka la ola. Masiku ena onsewo a mafizo ndinu. N'chifukwa chake popita kumeneko musamangokhala pabenchi kudikira amalize. Imirirani pafupi, apempheni akugwireni dzanja kukuonetsani, yeserani iwo akuona, ndipo jambulani pa foni kuti otsala kunyumba akaphunzire.

Chiwalo chosagwiritsidwa ntchito chimakungika, ndipo chikakhalitsa chopindika chimauma choncho. Tsiku lililonse, makamaka atangosamba madzi ofunda, wongolani ndi kupinda mofatsa zala, chigongono, phewa, bondo ndi kakolo monga anakuonetserani. Mukafika pomwe chiwalo chakana, imani pomwepo kwa kanthawi osakankha. Mwana akalira ndi ululu ndiye kuti mwapyola. Kakolo musamuiwale, chifukwa phazi likalozera pansi n'kuuma, tsiku lodzaima limakhala lovuta. Ku Mzuzu Central kuli malo opangira zipangizo zothandizira miyendo, ndipo a mafizo ndi amene amatumiza kumeneko. Nalonso bungwe lothandiza olumala ziwalo la Malawi Against Physical Disabilities lili ndi malo ake ku Rumphi.

Mwana wosatha kudzitembenuza yekha mumutembenuze maola awiri alionse masana, ndipo usiku mugawane ndani adzuke. Posambitsa yang'anani nkhongo, mapewa, m'chiuno, matako ndi zidendene. Malo akada kapena akatentha kuposa khungu lozungulira, chilonda chayamba, asagonerenso mbali imeneyo. Thewera lonyowa lisakhalitse.

Asamangokhala chigonere m'chipinda. Kumukhazika pangodya ya nyumba, mapilo kapena zitenje zopinda mbali zonse, kumalimbitsa khosi ndi msana. Kalipentala wa m'dera lanu akhoza kukhoma kampando kapangodya kokhala ndi kathebulo, bola miyeso ichokere kwa a mafizo. Pali ngakhale mipando yolimba yopangidwa ndi makatoni omatidwa. Mutulutseni pakhonde aziona anzake akusewera.

Dzanja la mwana wa achemwali linatseguka ndi ntchito zapakhomo. Tinkamupatsa lichero la nyemba kuti azisankha, zopanira zovala kuti azipana m'mphepete mwa mbale, nsima kuti aziumba mbamu ndi dzanja lofookalo. Poyamba nyemba imodzi inkamutengera nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya tiyi. Mayi ake ankafuna kumuthandiza, koma a mafizo anawauza kuti, "Mayi, manja anu muwakhalire. Mukamuchitira zonse, ubongo wake suphunzira." Ubongo wa mwana umatha kupeza njira zina zogwirira ntchito, koma umazipeza mwa kubwereza chinthu chomwecho kambirimbiri. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi yoyambirira, n'chifukwa chake kuzengereza kuyamba kumandidetsa nkhawa, komabe kupita patsogolo kumapitirira zaka.

Chachisanu ndi chimodzi: khalidwe lasintha, ndipo mkwapulo suchiza

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa mphwayi, kuposa pa khunyu kapena kulumala. Mwendo wopuwala aliyense amauona n'kumva chisoni. Koma mwana woyenda bwino, wooneka wathanzi, amene akutukwana alendo, kuswa mbale, kuthawa pakhomo, kuseka pamaliro, anthu amati wasowa mwambo. Alamu anga anamukwapula kangapo miyezi yoyamba, ndipo mpaka lero zimawapweteka mumtima. Mbali yakutsogolo ya ubongo ndi imene imamugwira munthu kuti asachite chilichonse chomwe chamubwerera. Ikavulala, mwana amakhala ngati njinga yopanda mabuleki potsetsereka. Amadziwa kuti kuluma n'koipa, ukamufunsa pambuyo pake amayankha bwino, koma panthawiyo chomuimitsa palibe.

Yambani ndi kope lija. Mkwiyo ukabuka, lembani nthawi ndi zomwe zinachitika usanabuke. Ife tinapeza kuti zambiri zinkachitika cha m'ma 4 koloko madzulo, ana ena ataweruka, wailesi ikulira, iye ali ndi njala komanso atatopa. Ubongo wovulala umatopa msanga kwambiri, ndipo phokoso limaupweteka. Titayamba kumugoneka ola limodzi masana, kumupatsa kanthu kodya ana asanafike ndi kuzimitsa wailesi, ndewu zinachepa kwambiri popanda mankhwala ena alionse.

Tsiku lake likhale ndi dongosolo losasintha: kudzuka, kusamba, mankhwala, kudya, mafizo, kupuma, zonse nthawi imodzimodzi. Pomulankhula, mutchuleni dzina, dikirani akuyang'aneni, kenako nenani chinthu chimodzi chokha. "Tenga kapu." Akabweretsa, ndiye munene chachiwiri. Mukafunsa funso, werengani chamumtima mpaka 10 musanabwereze, poti yankho limakhala lili m'njira. Mawu akamamusowa, musamumalizire chiganizo msanga. Mpatseni zosankha ziwiri zooneka ndi maso: "Ukufuna nthochi kapena mbatata?" Nyimbo za Sande sukulu ndi za masewera zimathandiza, chifukwa ana ena amatha kuimba mawu omwe akulephera kuwayankhula. Ngati pakhomo mumasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, pomupatsa malangizo gwiritsani chimene iye amamva mosavuta.

Mkwiyo ukafika, tsitsani mawu anu, chotsani ana ena ndi zinthu zoopsa, musatsutsane naye. Mukambirane mtima wake utatsika, mwachidule. Ndipo muzimugwira akuchita zabwino: "Wadikira bwino, wachita bwino mwanawe." Kuyamikira kwa pompopompo kumalowa kuposa chilango cha madzulo pa zimene anachita m'mawa, zomwe iye waiwala kale. Kumumanga chingwe kapena kumutsekera m'nyumba yekha kumawonjezera mantha ndi ukali. Zikafika pamene mukuopa kuti avulaza wina, pitani ku St John of God. Akhala akugwira ntchito za maganizo ndi ubongo kuno ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ali ndi Child Development Centre yothandiza ana olumala pamodzi ndi makolo awo.

Chachisanu ndi chiwiri: kubwerera kusukulu

Musathamangire, komanso musamusunge pakhomo chaka chonse poopa manyazi. Ife tinalakwitsa pomutumiza tsiku lathunthu osauza aliyense. Sabata yomweyo mphunzitsi wina anamukwapula chifukwa chosamaliza kukopera za pabolodi, ndipo mwana anakana sukulu mwezi wonse.

Pitani kaye nokha kwa ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi, mutanyamula buku la kuchipatala. Afotokozereni zomwe zinachitika, zomwe mwana amavutika nazo, ndi zoyenera kuchita akagwa khunyu m'kalasi. Ayambe ndi maola awiri am'mawa, masiku atatu pa sabata, n'kumawonjezera. Akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi windo. Apatsidwe ntchito yochepa ndi nthawi yokwanira, ndipo pakhale mnzake mmodzi wodalirika woyenda naye. Kubwereza kalasi si chilango kwa mwana wotere. Funsani ahedi kapena a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu) za sukulu yapafupi yomwe ili ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, aja amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Akamayandikira mayeso a Sitandade 8, kumbutsani sukulu kuti imulembetse ku MANEB ngati wophunzira wofunika thandizo lapadera nthawi ikadalipo.

Khalani tcheru chifukwa mavuto ena amadzaonekera mochedwa. Mwana wovulala ali ndi zaka 5 amatha kuoneka bwino mu Sitandade 1, n'kudzayamba kutsalira mu Sitandade 4 pamene maphunziro afuna kukumbukira zambiri. Ndi kuvulala komwe kuja, osati ulesi.

Mwana amene amaiwala msanga, wokhulupirira aliyense kapena wosatha kufotokoza, amakhala pachiopsezo cha anthu ankhanza, makamaka mtsikana. Dziwani amene ali naye nthawi zonse, muphunzitseni malo a thupi lake omwe munthu sayenera kugwira. Mukakayikira kanthu, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi.

Chachisanu ndi chitatu: itanani abale, mugawane ntchito ndi mayina

Mwezi wachisanu ndi chimodzi chitulukireni m'chipatala ndinawapeza achemwali atakhala kuseri kwa nyumba, beseni la zochapa lili patsogolo, manja ali m'madzi koma osachapa. Geni yawo ya tomato inali itagwa, kutchalitchi anali atasiya, thupi litatha. Ndinati, "Achemwali, mwadya?" Anangoti, "Sindikukumbuka." Tonsefe tinkabwera kudzazonda, kupereka pepani ndi kapaketi ka shuga, n'kubwerera kwathu. Ntchito yonse inali pa munthu mmodzi.

Itanani msonkhano wa banja, mbali ya kuchimuna ndi ya kuchikazi. Musapemphe kuti "muzitithandiza", chifukwa aliyense amavomera ndipo palibe amabwera. Lembani ntchito, pambali pake dzina ndi tsiku. Uyu aziperekeza kumafizo, uyu azikatenga mankhwala, uyu azigona naye Loweruka kuti mayi agone tulo, wa ku Johannesburg kapena ku Lilongwe azitumiza ya thiransipoti pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lakutilakuti. Anthu osachepera atatu adziwe kudyetsa, kumwetsa mankhwala ndi zochita pa khunyu. Abambo, mafizo amafuna mphamvu ndipo mwana akamakula amalemera, msana wa mayi sungapirire wokha. Alamu anga atayamba kupita okha kumafizo n'kumva kuchokera kwa adokotala za mbali yakutsogolo ya ubongo ija, mkwapulo unatha pakhomo.

Ana enawo musawaiwale. Auzeni zoona m'mawu oti amve: "Mkulu wako anavulala m'mutu mkati, n'chifukwa chake amakwiya msanga, si kuti amakuda." Athandize ntchito zing'onozing'ono, koma mtsikana wamkulu asasiyitsidwe sukulu kuti akhale mlezi.

Kunja kwa banja, lankhulani ndi a Umanyano, a mphakati, a Dorika kapena amayi a kumzikiti, ndipo pempho likhale lomveka: munthu wokhala ndi mwana maola atatu Lachitatu kuti mayi apite kumsika. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adziwe kuti pakhomopo pali mwana wotere. Kalembetseni ku ofesi ya Social Welfare, ndipo mufunse za Mtukula Pakhomo ndi thandizo la sukulu. Pitani ku MACODA, nthambi ya boma yoona za anthu olumala, yomwe ambiri timaitchabe MACOHA, dzina lomwe linasintha ndi lamulo la anthu olumala la 2024. Funsaninso za PODCAM, bungwe la makolo a ana olumala. Thandizo la m'maofesi limachedwa ndipo silikwana, koma dzina la mwana likakhala m'kaundula, njinga ya olumala kapena maphunziro a makolo zikapezeka amakukumbukirani. Ku banki mkhonde samalani ndi ngongole yotengera mankhwala kapena ulendo, chifukwa siibweza yokha. Ndi bwino kupempha thumba la zadzidzidzi la gululo.

Amene anatithandiza kwambiri ndi amayi anzawo apamzere wa mafizo. Iwo ndi amene amadziwa kalipentala wokhoma bwino mpando, ndiponso mmene ungaberekere mwana wa zaka 8 pa minibasi. Tenganani manambala.

Chachisanu ndi chinayi: zonena za anthu

Adzabwera okuuzani kuti mwana analodzedwa, kuti bambo ake anakhwimira bizinesi, kuti mayi anaphwanya mwambo. Mawu amenewa aphwasula mabanja omwe akanatha kupirira matendawo. Konzekeranitu yankho limodzi lalifupi, nonse muzinena lomwelo: "Anadwala malungo a muubongo, akulandira thandizo kuchipatala." Mapemphero ife anatilimbitsa ndipo sitinasiye. Koma aliyense wokuuzani kuti mutaye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, kapena wofuna mbuzi ndi ndalama kuti achotse chimene chili m'mutu mwa mwana, mukaneni mwaulemu. Mankhwala azitsamba omwetsa amatha kusokonezana ndi a khunyu, ndipo kumwetsa mwana wovutika kumeza n'koopsa pakokha.

Chakhumi: inu wosamalira

Kulira mwana amene ali moyo kumachitika. Mumamukonda amene muli nayeyu, komanso mumamusowa uja wakale, ndipo palibe tchimo pamenepo. Koma mukaona kuti sabata zikupita musakugona ngakhale mwana atagona, chakudya sichikulowa, mukungolira, mwayamba kumugwira mwana mwaukali, kapena mukuganiza zodzipha, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. Ku St John of God kuli aphungu, ndipo matenda a maganizo amachizika. Mkwiyo ukakukwerani, muikeni mwana pamalo otetezeka, tulukani panja, itanani woyandikana naye. Musamugwedeze mwana, ubongo wake sungapirire kuvulala kwina.

Kuvulala kwachiwiri kupeweni ndi mphamvu zonse. Agone m'neti usiku uliwonse, ngakhale anthu amati ku Mzuzu kulibe udzudzu wambiri, makamaka mukapita kumudzi kunyanja kapena ku Karonga. Thupi likangotentha, akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Panjinga yamoto asakwere opanda chipewa choteteza mutu, ndipo mpira wolimbana kapena kukwera mitengo adikire chilolezo cha adokotala.

Mwana wa achemwali tsopano ali ndi zaka 10, ali mu Sitandade 3. Amalemba ndi dzanja lamanzere, lamanja limagwira kope kuti lisasunthe. Khunyu lamutha miyezi 14 osamugwira, ndipo mapiritsi amamwabe 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo. Achemwali anabwerera pa benchi yawo ya tomato masiku anayi pa sabata. Papepala lomata kuseri kwa chitseko, Lachinayi pali dzina langa, ndipo sabata ino tikukayezetsa sikelo kuti adokotala aone ngati mlingo wa mankhwala ukufunika kusintha.